Niacin wochokera ku Joni: zoyenera kuchita musanameze ngati muli ndi shuga

Mu Okutobala chaka chatha, achimwene anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anatumiza katundu kudzera mwa dalaivala wina wonyamula katundu wa ku Joni. M'chikwamamo munali bulangete, foni ya amayi, ndi mabotolo awiri oyera olembedwa Niacin 500 mg. Madzulo ake anandiimbira pa WhatsApp nati, "Achemwali, amenewo muziwapatsa ababa, limodzi m'mawa limodzi madzulo. Akuti amachotsa mafuta m'magazi. Ndi mavitamini chabe." Anachita zimenezi mwachikondi, atamva kuti zotsatira za magazi a ababa zaonetsa cholesterol wokwera. Ine ndinalandira ndi manja awiri ndipo tsiku lomwelo tinayamba.

Ababa ali ndi zaka 67. Anathera unyamata wawo pa nyanja ya Malombe, ndipo akhala ndi matenda a shuga kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Amamwa metformin. Tili ndi kamakina koyezera shuga pakhomo pathu pano ku Mpondasi, koma chifukwa timapepala take n'todula, tinkangoyeza Lachisanu m'mawa basi. Nambala zinkayenda pakati pa 7 ndi 8. Patatha milungu isanu chiyambire niacin, ndinaona 11.4, Lachisanu lotsatira 12.1. Nsima inali yomweyo, chipande chomwecho, tiyi wopanda shuga ngati kale. Usiku ndinkamva chitseko chikutseguka kanayi ababa akupita kukataya madzi, ndipo chigubu cha madzi chimene amagona nacho pambali pa mphasa chinkacha chili gwa, chopanda kanthu. Tinkati ndi kutentha kwa Okutobala, pakuti aliyense ku Mangochi amamwa madzi ngati ngamila mwezi umenewo. Atapita ku kiliniki ya shuga, funso loyamba la adokotala linali lakuti, "Bambo, pali china chatsopano chimene mukumwa?" Ababa anati ayi, poti m'maganizo mwawo vitamini si mankhwala. Ndinatulutsa botolo m'chikwama ndine.

Ndalemba izi chifukwa pafupifupi nyumba iliyonse kuno ili ndi mwana kapena mlamu ku Joni, ndipo mabotolo otere akulowa m'makomo mwathu mwezi ndi mwezi.

Choyamba, tengani botololo muwerenge kumbuyo kwake musanatsegule. Niacin ndi vitamini B3 ndithu, achimwene sananame. Koma thupi la mwamuna limafuna mamiligalamu 16 okha patsiku, la mkazi 14. Piritsi limodzi la 500 mg ndi mlingo wa masiku oposa 30 womezedwa kamodzi, ndipo kuti niacin atsitse mafuta m'magazi pamafunika 1,000 mpaka 2,000 mg patsiku. Pa mlingo umenewo sakugwiranso ntchito ngati chakudya, wasanduka mankhwala amphamvu okhala ndi zovuta zake. Yang'anani dzina lenileni la zimene zili mkatimo. Pakalembedwa nicotinic acid kapena niacin, ndiye mtundu umene umatsitsa mafuta, ndiponso ndi umene umakweza shuga. Pakalembedwa nicotinamide kapena niacinamide, imeneyo ndi B3 yemweyo koma satsitsa cholesterol ngakhale pang'ono. Palinso ena olembedwa no flush, amene mkati mwake muli inositol hexanicotinate. Amenewa amagulidwa chifukwa satenthetsa thupi, koma nawonso pa mafuta sachita kanthu kooneka. Ndipo mukaona mawu akuti slow release kapena sustained release, samalani kwambiri, chifukwa mtundu wosungunuka pang'onopang'ono wogula popanda chilolezo cha dokotala ndi umene umadziwika ndi kuvulaza chiwindi. Kachidutswa kakang'ono ka B3 kamene kamakhala m'mapiritsi a vitamin B complex a kuchipatala si kamene ndikunena pano.

Mbiri yabwino ya niacin ili ndi pochokera. Mu 1955, Rudolf Altschul ndi anzake ku Saskatchewan m'dziko la Canada anapeza kuti niacin wambiri amatsitsa cholesterol, ndipo kwa zaka zambiri anali m'gulu la mankhwala ochepa amene madokotala anali nawo. Pa pepala la ku labu amaoneka bwino zedi. Mafuta oipa otchedwa LDL amatsika, mafuta ena otchedwa ma triglyceride amatsika kwambiri, ndipo HDL, amene amati mafuta abwino, amakwera kuposa mmene mankhwala ena akale ankakwezera. Vuto linaoneka pamene anthu anafunsa funso lenileni: kodi omwa niacin akupulumuka ku matenda a mtima ndi sitiroko? Kafukufuku wa AIM-HIGH, wa anthu 3,414 ku America ndi Canada, anaimitsidwa mu 2011 nthawi yake isanakwane chifukwa kuwonjezera niacin pa mankhwala ena otsitsa mafuta otchedwa statin sikunachepetse matenda a mtima. Kenako kunabwera wamkulu, HPS2-THRIVE, woyendetsedwa ndi yunivesite ya Oxford, wa anthu 25,673 a ku Britain, ku Scandinavia ndi ku China, amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2014. Theka la anthuwo linkamwa 2,000 mg ya niacin wophatikiza ndi mankhwala ena ochepetsa kutentha thupi kwa zaka pafupifupi zinayi. Mtima sunapindule. Koma mwa amene anali kale ndi shuga, pafupifupi 11 pa 100 aliwonse shuga wawo anasokonekera kwambiri, ambiri mpaka kugonekedwa, pomwe mwa osamwa niacin anali 7 kapena 8 pa 100. Mwa amene analibe shuga, omwa niacin anapezeka nawo matendawa ambiri kuposa anzawo, 5.7 pa 100 poyerekeza ndi 4.3. Kutaya magazi ndi matenda oyamba ndi tizilombo nazo zinachuluka. Mankhwala ophatikizawo, otchedwa Tredaptive, anachotsedwa pamsika mu 2013. N'chifukwa chake lero madokotala ambiri sayamba ndi niacin. Ine ndimaona kuti munthu wa shuga amene wapatsidwa botolo lotere ndi mbale wake ayenera kudziwa zimenezi asanameze piritsi loyamba, chifukwa pa botolopo sizilembedwa.

Adokotala anatifotokozera mmene shuga amakwerera. Niacin akalowa, amayamba watsekereza mafuta kuti asatuluke m'malo amene thupi limawasunga. Mphamvu yake ikatha patapita maola angapo, mafutawo amatuluka ochuluka nthawi imodzi. Minofu ikachulukiridwa ndi mafuta otere simveranso bwino insulin, amene kapamba amatulutsa kuti alowetse shuga m'minofu, choncho shuga amangozungulira m'magazi osalowa kumene akufunika, chiwindi nacho n'kumawonjezera wina. Munthu wa kapamba wamphamvu amangotulutsa insulin wowonjezera, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma wa shuga, kapena amene ali m'malire osadziwa, kapamba wake ndi wotopa kale.

Chachiwiri, dziwani pamene mwaima. Musayambe niacin musanayezetse shuga wa m'mawa, mutagona osadya kanthu kwa maola asanu ndi atatu, madzi okha. Nambala ya 7.0 kapena kuposa, ikabwerezeka tsiku lina, ndi matenda a shuga. Kuyambira cha m'ma 6 kufika 6.9 muli m'malire, ndipo inu ndi amene niacin angakukankhireni kutsidya. Apa pali chosokoneza chimene chinativuta ife: timakina tina timawerenga mu mmol/L, tina mu mg/dL, ndipo tochokera kunja timabwera mosiyanasiyana. Mukaona 126, musakomoke poganiza kuti ndi 126 wa mtundu wa 7 uja. Gawani ndi 18, mupeza 7.0. Chimodzimodzi 200 ndi 11.1. Lembani muyeso wa kamakina kanu pachikuto cha kope kuti aliyense wa m'nyumba adziwe. Ngati kumene mumapita amayeza HbA1c, pemphani. Imeneyo imaonetsa mmene shuga wayendera miyezi iwiri kapena itatu yapitayi, ndipo 6.5 kupita m'mwamba ndi chizindikiro cha matendawa. Kuyeza mafuta a m'magazi ndi chiwindi sikupezeka pa chipatala chaching'ono chilichonse, nthawi zina mpaka ku boma kapena ku labu yolipira, koma popanda nambala zoyambira simudzadziwa ngati mankhwala akuthandizani kapena akuvulazani.

Mukatero nyamulani botolo lenilenilo pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala. Osangonena pakamwa kuti "ndikumwa mavitamini". Liikeni patebulo adokotala aliwerenge okha, ndipo onjezani china chilichonse chimene mumamwa, kaya ndi ma ARV, mankhwala a BP, a TB, kapena azitsamba. Auzeni ngati munadwalapo chikasu kapena vuto lina la chiwindi, zilonda za m'mimba, kapena nyamakazi ija yotupitsa chala chachikulu cha kuphazi, chifukwa niacin amakweza uric acid amene amayambitsa nyamakazi imeneyo. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa asamwe mlingo waukuluwu. Ndipo funsani mosaopa kuti, "Adokotala, kodi kwa ine statin sangakhale bwino kuposa awa?" Ma statin ngati atorvastatin ndi simvastatin nawonso amatha kukweza shuga pang'ono, sindibisa, koma iwo anatsimikizika kuti amachepetsa matenda a mtima ndi sitiroko, ngakhalenso kwa anthu a shuga. Ababa anawasinthira ku atorvastatin, piritsi limodzi patsiku.

Alipo anthu ochepa amene dokotala angawalembere niacin ndithu, mwina chifukwa ma triglyceride akwera moopsa kapena thupi lawo lakana mankhwala ena onse. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, kamwedwe kake n'kofunika. Amayamba ndi mlingo wochepa n'kumakweza patapita milungu, osati kudumphira pa 1,000 mg tsiku loyamba monga tinachitira ife. Imwani mutadya. Mapiritsi otuluka pang'onopang'ono m'thupi saphwanyidwa kapena kutafunidwa. Pa nthawi yomwera pewani mowa, tiyi wotentha ndi tsabola, kambuzi amene timathira pa usipa uja, chifukwa zonsezi zimakulitsa kutentha kwa thupi.

Kutentha kumeneku ndikufotokozeni bwino, chifukwa mabuku amati khungu limafiira, koma pa khungu lathu kufiirako sikuoneka msanga. Ababa ankameza piritsi ndi tiyi wa m'mawa. Pakatha mphindi 20 ankavula malaya, n'kukhala pa khonde akudzikupiza ndi chivindikiro cha ndowa. Ankati nkhope, khosi ndi chifuwa zikuyaka ngati ayandikira ng'anjo yowambira nsomba, ndipo m'mikono mukuyabwa ngati agwidwa ndi chitedze. Ndikaika dzanja pakhosi pawo ndinkamva kutentha, koma malungo analibe. Pakatha ola zinkazilala. Amayi ankaganiza kuti BP yakwera, kumeneko n'kumawafulumizitsa kugona. Chimachitika n'chakuti niacin amatsegula timitsempha ta magazi ta pakhungu. Pakokha si choopsa kwenikweni, ndipo chimachepa thupi likazolowera, koma BP imatha kutsika munthu n'kuchita chizungulire, choncho wachikulire asadzuke mothamanga, makamaka ngati amamwanso mankhwala a BP. Ena amamwa aspirin mphindi 30 asanamwe niacin kuti kutenthako kuchepe. Zimathandiza, koma musachite panokha osafunsa, chifukwa aspirin amatha kuyambitsa kutaya magazi m'mimba.

Tsopano kuyeza. Apa ndi pamene ife tinachedwa, ndipo ndikanakonda wina akanandiuza. Miyezi yoyambirira ya niacin, komanso nthawi iliyonse mlingo ukakwezedwa, kuyeza kamodzi pa mlungu n'kochepa kwa munthu wa shuga. Ngati thumba likulola, yezani m'mawa uliwonse milungu iwiri kapena itatu yoyamba, kenako katatu pa mlungu. Timapepala tikachepa, sankhani kuyeza m'mawa musanadye, pa ola lofanana, chifukwa nambala zimenezo ndi zimene zimafananizika. Sambani m'manja ndi sopo n'kupukuta bwino musanabaye chala. Nyengo ya mango munthu akhoza kupeza nambala yoopsa chifukwa cha madzi a boloma otsalira pachala. Timapepala tisungeni m'kabotolo kake kotseka, pamthunzi, osati pawindo kapena pafupi ndi malata, pakuti kutentha kwa kuno kumatiwononga. Ine ndinagula kope la ana asukulu n'kulemba mizere inayi: tsiku, nambala, zimene adya dzulo madzulo, ndi mankhwala. Kopelo ndi limene linaonetsa adokotala kuti kukwerako kunayamba mlungu wachiwiri botolo litatsegulidwa. Nambala za m'mawa zikakwera ndi 2 kapena kuposa pa zimene munazolowera n'kukhala pomwepo masiku angapo, musadikire tsiku la kiliniki, pitani. Amene mulibe shuga koma mukumwa niacin, yezetsani pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, kenako miyezi ingapo iliyonse.

Pali zizindikiro zina zosafunika kope. Ludzu losatha, kukodza usiku wonse, maso kuchita chifunga ndi kuwonda mosadziwika bwino ndi za shuga wokwera. Maso achikasu, mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, nseru yosatha ndi kuwawa pansi pa nthiti za kumanja ndi za chiwindi, ndipo zimenezo n'zosiya mankhwala tsiku lomwelo n'kuthamangira kuchipatala. Chimodzimodzi chimbudzi chakuda bii ngati phula, kapena kuphwanya kwa minofu koopsa kwa amene akumwa niacin pamodzi ndi statin.

Posiya napo pali msampha umene ambiri sauona. Tiyerekeze shuga anakwera chifukwa cha niacin, adokotala osadziwa za botololo n'kuwonjezera mapiritsi ena otsitsa shuga otchedwa glibenclamide kapena kukweza insulin. Ndiye tsiku lina botolo latha, kapena mwangoganiza zosiya. Chokweza shuga chachoka, koma mankhwala otsitsa atsala pa mlingo wapamwamba. Shuga akhoza kugwa pansi pa 3.9, munthu n'kuyamba kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzaoneni, kulankhula zosamveka, mwinanso kukomoka. Zikatero, ngati akutha kumeza, sungunulani masupuni a tiyi atatu kapena anayi a shuga m'madzi amwe, muyezenso pakatha mphindi 15, kenako adye chakudya. Wokomoka musamuthire kanthu m'kamwa, mugonekeni chammbali n'kupeza galimoto. Choncho posiya niacin auzeni adokotala kuti aonenso mlingo wa mankhwala a shuga, ndipo pitirizani kuyeza milungu ingapo. Ababa anali pa metformin yekha, amene kawirikawiri sagwetsa shuga chotero, ndipo nambala zawo zinabwerera pa 7 ndi 8 patatha pafupifupi mwezi. Mukasiya niacin kwa nthawi n'kufuna kuyambiranso, simubwerera pa mlingo wakale, mumayambanso pansi.

Kwa ife osala m'mwezi wa Ramadan, musayambe kapena kusiya mankhwala otere mkati mwa kusala. Nthawi ya kudya imasintha, madzi m'thupi amachepa, ndipo simungadziwe chimene chasuntha nambala. Ababa amakaonana ndi adokotala mwezi usanayambe, ndipo ashehe anawauza okha kuti wodwala ali ndi chilolezo chomasula.

Sindikufuna wina achoke pano akuopa vitamini B3 yense. Ife odya nsima tsiku ndi tsiku timamufuna kwambiri, chifukwa niacin wa m'chimanga ndi womangika, thupi silitha kumutenga bwino. Anthu a ku Mexico, kumene chimanga chinachokera, amachiphika ndi laimu kapena phulusa, zimene zimamasula vitaminiyu, koma chimanga chinafika kuno popanda luso limenelo. B3 akasowa m'thupi pamabwera pellagra: khungu la pakhosi, pamikono ndi pamapazi, paliponse pamene dzuwa limawomba, limada n'kumasenda ngati lapsa, munthu amatsegula m'mimba, kenako mutu umasokonekera. Mu 1990 anthu oposa 17,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique amene ankakhala m'dziko muno anadwala matendawa mtedza utasowa pa chakudya chimene ankalandira. Mankhwala a isoniazid, a TB, nawonso amatha kuyambitsa pellagra kwa munthu wosadya mokwanira. Choncho ngati kuchipatala anakupatsani nicotinamide kapena vitamin B complex pa chifukwa chimenechi, imwani, musasiye chifukwa cha nkhani yanga. Kwa ena tonsefe, B3 wokwanira ali pa msika wa pa boma: usipa, utaka, chambo tikachipeza, nkhuku, nyemba, ndi mtedza, umene magalamu 100 okha ali ndi mamiligalamu pafupifupi 12. Nsinjiro zothira m'chisoso kapena m'nkhwani zikukupatsani kale vitaminiyu pa mlingo umene sukweza shuga. Pa za mafuta a m'magazi, chimene tinasintha pakhomo ndi kaphikidwe. Nsomba za ababa timawamba kapena kuphika ndi tomato m'malo mokazinga m'mafuta obwereza, ndipo dzuwa likapepa amayenda wapansi kukafika kumsewu waukulu n'kubwerera.

Achimwene nditawauza anakhala chete pa foni nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye ndikanawapha ababa ine?" Ndinawayankha kuti ayi achimwene, munachita zimene mwana amachita, ndipo tonse sitinkadziwa. Botolo lachiwiri, losatsegula, ndinakalisiya ku kiliniki kuti lisapezeke m'manja mwa wina. Ndinawajambulira chithunzi cha kamakina kathu, dzina lake ndi kabotolo ka timapepala, chifukwa timapepala ta kampani ina sitilowa m'kamakina ka kampani ina. Katundu wa mu Disembala atafika, munali timabokosi titatu ta timapepala 50 kalikonse, ndi singano zobayira chala.